Dzina la Davison Linalembedwa Kale

Ku Lisasadzi kunalibe munthu wodziwa kudikira ngati Davison Mwale. Chaka chilichonse ankalembetsa dzina pa makuponi a feteleza, n'kukhala phee pakhomo mpaka tsiku loitanidwa. "Dzina likalowa m'buku, miyendo ipume," ankatero akusoka fodya m'chigafa.

Matenda ake ndiwo ankazunguza anthu mitu. Ankatsekula m'mimba mwa magazi, kusiya, n'kuyambiranso. Kenaka maso anachita chikasu, thupi lonse n'kumayabwa. Pachipatala chaching'ono anamuyeza malungo, likodzo ndi kachilombo, osapeza kanthu. Ena ankanong'ona za kachasu, chonsecho munthuyo anali mkulu wa mpingo, mowa sankaudziwa ndi fungo lomwe. Mapiritsi a kamwazi anamwa mpaka kuloweza mayina ake.

Tsiku lina dokotala wa pamenepo anakanda mutu. "Bambo, izi zandikulira. Ndakulemberani kuchipatala chachikulu ku Lilongwe," anatero akumubwezera kabuku kake kachipatala.

Davison anagwira liwu limodzi lokha: ndakulemberani. Anakulunga kabukuko m'pepala la pulasitiki osawerenga zolembedwamo, n'kuyamba ntchito imene ankaidziwa bwino ija.

"Bambo a Thoko, kodi a ku Lilongwewo adzakuitanani bwanji, poti foni tilibe?" anafunsa mkazi wake Vailet.

Funsolo linamukola ndithu, koma mwamuna sagonja pamaso pa mkazi wake. "Nanga makuponi amatipeza bwanji?"

Fodya anauma, anadindidwa, anapita kuokushoni. Makuponi anabwera kawiri. Za ku Lilongwe kunali zii. Mimba itatupa ngati belo la fodya, Vailet sanafunsenso, anangomukweza minibasi.

Dokotala wa ku Lilongwe anatsekula kabuku kaja n'kuyang'ana deti kawiri. "Asilikali a m'thupi mwanu akumenya matumbo ndi chiwindi chanu chomwe. Matumbo tiwathandiza, koma chiwindi chadzaza kale zipsera zosapola. Pano analemba kuti mubwere sabata yomweyo. Munali kuti zaka ziwiri zonsezi?"

"Ndimadikira kuitanidwa," anayankha Davison.

"Kuno sitiitana, bambo. Kabuku kamabwera ndi mwini wake."

Vailet anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Davison anangoti maso tong'o pa kabuku kaja, koyera, kosapindika ngakhale pakona. Zomvetsa chisoni, anakasamala bwino kuposa chiwindi chake. Akuluakulu sananame ayi: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.