Ngalande ya Malemu Bambo

Panali munthu wina, dzina lake Kaliwo, amene bambo ake anamusiyira dimba m'munsi mwa phiri, pamodzi ndi ngalande yopatutsa madzi kumtsinje. Masiku amenewo mitsinje inkayenda chaka chonse. Ngalandeyo anaiyala miyala m'mbali ndi bambo akewo, ndipo Kaliwo ali mwana ankayendetsamo zitsononkho ngati mabwato. Inali yopapatiza, yokwanira kuthirira mpiru wa banja laling'ono.

Chaka china Kaliwo anadzala chimanga dimba lonse. Chili chaching'ono, madzi ankakwana. Chitamasula ngaiyaye, chinayamba kumwa ngati mlendo pamowa waulere, koma ngalande inakhala momwemo. Kumtunda madzi ankapanikizana n'kugumula m'mbali mwa ngalande, pamene kumunsi masamba ankafota.

Mkazi wake Nangozo anati, "Abambo, ikulitseni ngalandeyi."

"Miyala iyi anayala ndi malemu bambo."

"Chabwino. Mwezi wa njala ndidzakuphikirani miyalayo. Ndiwo mudzapeza nokha."

Kaliwo anazula mwala umodzi, nkhope ili ngati ya wogulitsa amene akuika basela mtima ukuwawa. Chimanga chinafotabe.

M'mawa wina anaima pachitsa pomwe bambo ake ankapumira akatopa. Anakumbukira mmene nkhalambayo inkamuwotchera mondokwa pomwepo, iyo osadyako. Munthu wotero, anaganiza, sanakumbe ngalande kuti ana aziiyang'ana. Anatenga khasu, nazula miyala yonse, nakulitsa njira ya madzi. Madzi anatsika ambiri, modekha, opanda phokoso. Chimanga chinabereka.

Tsono inu abambo amene mwaperekeza akazi anu kusikelo lero, m'chiberekero mulinso ngalande: mitsempha ya magazi. Mwana akamakula, imafewa n'kutambasuka yokha kuti magazi amufike ambiri, modekha. Nthawi zina imakana ngati miyala ija. Magazi a mayi amathamanga, mwana n'kumalandira zochepa. Kumeneko khasu silifika, ndipo mayiyo akhoza kukhala osamva kanthu m'thupi. N'chifukwa chake anamwino amamumanga kansalu kopopa kaja pamkono ulendo uliwonse, kuyeza kuthamanga kwa magazi.

Choncho musamati, "Amayi anga anabereka tonsefe osapimidwa." Amayi anuwo tinkawadziwa, tinkawakonda, ndipo anzawo amene sanabwereko kuchikuta tinkawadziwanso. Woyembekezera lero ndi mkazi wanu.