Galimoto Yofiira ya Aphunzitsi

Aphunzitsi atapuma pantchito anagula galimoto yofiira, ndipo kuyambira tsiku limenelo akazi awo ankanena poyera kuti alowa mitala. Loweruka lililonse bambowo ankaikankha ndi manja kuitulutsa m'galaja, n'kuisambitsa, n'kuipukuta mpaka nkhope yawo ioneke pachitseko. Kuiliza ayi, poopa kuti manambala a makilomita angasunthe. Kugolosale ankapita wapansi. Galimotoyo inkayenda kamodzi pamwezi, ulendo wokameta tsitsi, chonsecho tsitsilo linali lochita kuwerenga.

Pagalasi lakutsogolo panali kapepala kamene mlamu wawo, makaniko, anamata atasintha oyilo: galimoto ibwerenso ikayenda makilomita 5,000 kapena pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Aphunzitsi, amene anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, anagwiritsa za makilomita. Za miyezizo anati ndi nyambo ya amakaniko.

Patatha zaka zinayi mlamuyo anabwera kudzacheza pa galimoto yake yotuwa, yachitseko chomanga ndi waya.

"Alamu, mkazi wanu wamng'onoyu mubwera naye liti kuchipatala?" anafunsa.

"Wadwala chiyani? Kwatsala makilomita zikwi zinayi zathunthu."

"Oyilo sadziwa masamu, alamu. Amakalamba ali chikhalire. Lamba wa injini naye ndi mphira, amauma n'kung'aluka. Inuyo mutangokhala pampando chaka chonse, ndevu zingaleke kumera?"

"Yambani mwakonza chitseko chanucho," anayankha Aphunzitsi, n'kuseka okha.

Kenako mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja. Aphunzitsi analengeza kuti mkwatibwi sakwera galimoto ina koma yofiirayo, woyendetsa iwo eni. Mwanayo anakondwa mpaka misozi. Mlamu anawachonderera kuti abwere nayo Lachinayi aione ulere. Aphunzitsi anawerengera: kupita ndi kubwera, makilomita makumi awiri otaya pachabe. Anakana.

Tsiku laukwati galimoto inawala ngati yangotuluka m'sitolo, maliboni oyera pathupi ponse. Mkwatibwi ndi mayi ake anakhala kumbuyo. Womangitsa ukwati anali atachenjezeratu kuti ali ndi ukwati wina ikamakwana leveni koloko, ndiye wochedwa adziwa yekha.

Atafika pachitunda, injini inatsokomola kawiri. Kunamveka thapu! Kenako zii. Aphunzitsi anapotokola kiyi, anapotokolanso, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, chachitika n'chiyani?" mkwatibwi anafunsa.

Aphunzitsi analoza manambala aja ngati mboni. "Sizingatheke, mwanawe. Kwatsala makilomita zikwi zitatu ndi mazana asanu ndi anayi."

"Ndiye auzeni manambalawo atikankhe," anatero akazi awo.

Manyazi anawagwira bambowo, koma chimene chinawapweteka kwambiri ndi nkhope ya mwana wawo, amene ankayang'ana wotchi akudziletsa kulira.

Posakhalitsa kunamveka phokoso lodziwika. Inali yotuwa ija, ikukwera chitunda mwamphamvu, itanyamula keke. Mlamu anaima, natsegula boneti ya yofiira, nasolola kachitsulo koyezera oyilo. Kanatuluka ndi zakuda bii, zonata ngati phula. Lamba anali atadukiratu, zidutswa zili lendelende. Anangopukuta manja, n'kuyamba kumasula waya wa chitseko chake.

Mkwatibwi anakwinya diresi n'kukhala kutsogolo. Mayi ake anamatula maliboni onse pa yofiira, nawamanga pa yotuwa mosafunsa munthu. Aphunzitsi anapanikizika kumbuyo, keke pamiyendo, dzanja limodzi litagwira chitseko kuti chisatseguke panjira. Anafika kutatsala mphindi zisanu kuti nthawi yawo ikwane, ndipo ukwati unamangidwa.

Lolemba yofiira inapita kwa makaniko yochita kukokedwa, manambala ake osakwanabe. Zithunzi zitatuluka, akazi awo anasankha chimodzi n'kuchipachika pabalaza: mkwatibwi akutsika galimoto yotuwa, waya uli poyera, Aphunzitsi akusuzumira kuseri kwa keke. Mlendo aliyense amafunsa kuti nanga yofiira ija inali kuti. Aphunzitsi amakanda pamene panali tsitsi, n'kuvomera okha zimene akale ananena: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.