Atayi ndi Dzina la Ntchito Yawo

Mu kaofesi ka chipinda chimodzi, koyang'anana ndi msewu, munkakhala bambo ena amene anthu adawapatsa dzina loti Atayi, chifukwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, tayi sankachoka pakhosi pawo. Ntchito yawo inali yopopa zimbudzi. Anali ndi galimoto imodzi ya thanki, mapaipi akuluakulu anayi, ndi dalaivala amene adakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri. Ntchitoyo ankaidziwa bwino, ndipo ndiyo idaphunzitsa ana awo atatu, koma kuitchula dzina pagulu kunali ngati kuwavula malaya.

Makasitomala atayamba kuchepa, mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene ankakonzera anthu masamba a pa intaneti, adawauza kuti masiku ano munthu chikamuvuta safunsanso oyandikana nawo, amafunsa foni. Adadzipereka kuwakonzera tsamba. Mkangano udabuka pa mutu wa tsambalo. Mayiyo ankafuna kulembapo kuti "Opopa Zimbudzi", koma Atayi adakana kwamtuwagalu, amvekere ana awo ali ndi anzawo, ndipo apongozi nawonso ali ndi mafoni. Adalamula kuti palembedwe "Akadaulo a Ukhondo ndi Chisamaliro cha Chilengedwe". Chithunzi cha galimoto adachikananso. M'malo mwake adaikapo cha iwo eni, atakhala pa desiki, cholembera chili m'manja.

"Alamu," adatero mayiyo, "munthu amene chimbudzi chamusefukira salemba za chilengedwe. Amalemba chimene chikumununkha."

"Inu lembani zimene ndanena. Ine si munthu wamba."

Tsambalo lidatuluka lokongola ngati khadi laukwati, koma wolipeza padalibe. Munthu akasaka pa foni ndi mawu a ntchito yawo, pankabwera mayina a ena, lawo n'kukhala ku peji lachisanu ndi chimodzi la mayankho, kumene safikako ngakhale munthu wosowa chochita. M'miyezi inayi foni idalira kawiri kokha: wina ankafuna mbande za mitengo, winayo ankafunsa ngati amagulitsa sopo wamadzi. Galimoto idakhala panja mpaka udzu udamera kuzungulira matayala. Atayi adataya mtima, napangana ndi munthu wina wogula magalimoto akale kuti mvula ikangoyamba adzaitenge. Dalaivala atamva adangozyolika, podziwa kuti galimoto ikapita, iyenso wapita.

Tsiku lina m'mawa Atayi adamva kulira kwa pampu, phokoso limene sakadalisokoneza ndi lina lililonse. Kusuzumira pawindo, adaona thanki ya kampani ina itaima patsidya pa msewu, panyumba pa aphunzitsi amene ankapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku. Mtima udawawawa koopsa. Adawoloka msewu n'kukafunsa aphunzitsiwo chimene adawalakwira.

"Pepani achimwene, inetu ndimayesa mudasiya," adayankha aphunzitsi. "Galimoto yangokhala, ndipo mkazi wanga adati mudalowa za mitengo. Ndangolemba pa foni kuti 'opopa zimbudzi pafupi', n'kuimbira amene anali pamwamba."

Atayi adapempha kuona foniyo, naiyang'ana nthawi yaitali. Mawu omwe iwo ankawazemba ngati nthenda ndiwo adabweretsa mlendo kudzadyera pakhomo pawo, iwo ali manja lende.

Masana omwewo adakagogoda kwa mlamu wawo. Mayiyo sadawapeputsire mlandu. Adati sakhudza kompyuta mpaka atamva ndi makutu ake ntchito imene alamu ake amagwira. Atayi adatsokomola, adayang'ana kudenga, kenako adainena chapansipansi ngati akuulula tchimo.

"Sindinamve, alamu. Makina osakirawa ndi ogontha kuposa ine."

"Ndimapopa zimbudzi."

"Basi, kokani mpando tiyambepo."

Adakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Mlamu adawafunsa mawu enieni amene makasitomala amanena akaimba foni, Atayi n'kumatchula: chimbudzi chadzaza, paipi yatsekeka, fungo likubwerera m'bafa. Vuto lililonse lidapatsidwa kandime kake ndi yankho lomveka, m'chilankhulo chimene munthu wothedwa nzeru amalankhula. Nambala ya foni idakwera pamwamba, malo ndi nthawi yotsegulira zidalembedwa poonekera. Chithunzi cha desiki chidachoka, padabwera cha thanki, dalaivala atagwira paipi, mano onse ali pamtunda. Mawa lake Atayi adayendera makasitomala akale khomo ndi khomo, kuwapempha kuti alembepo ndemanga za mmene adawathandizira. Ambiri adavomera mosavuta, pakuti munthu amene adakuchotsera fungo panyumba sumuiwala msanga.

Zinthu sizidasinthe tsiku limodzi. Sabata yoyamba kunali zii, ndipo Atayi adayamba kung'ung'udza kuti adzivula pachabe. Mlamu adangowauza kuti adekhe, makina aja amatenga nthawi kuti akhulupirire munthu. Sabata yachitatu dzina lidafika pa peji lachiwiri. Pamene mitambo inkayamba kuda, mayiyo adawatumizira chithunzi cha zimene foni yake inkaonetsa: anali achiwiri kuchokera pamwamba.

Mvula idagwa masiku atatu osakata, maenje adadzaza, ndipo foni idalira mpaka kutentha m'manja. Wogula magalimoto uja atabwera kudzatenga galimoto, adapeza pamalo poimika pali matope okhaokha. Adadikira mpaka masana, ndipamene thanki idatulukira, Atayi ali pambali pa dalaivala, majombo ali kuphazi. Sadatsike n'komwe. Adangotsitsa galasi n'kumuuza kuti galimoto sikugulitsidwanso, ndipo ngati kwawo chimbudzi chadzaza alembetse dzina, chifukwa sabata imeneyo malo adatha kale. Dalaivala adaseka mpaka misozi, naponda moto ulendo wa kunyumba ina.

Lero munthu akawafunsa Atayi ntchito yawo, amayankha funso lisanathe, mokweza, n'kumupatsa nambala. Amadziwa kuti adangotsala pang'ono kugulitsa chodyera chawo chifukwa choopa mawu awiri. Akuluakulu sadaname: mbewa ya manyazi idafera kuuna.