Kamanga ndi mlendo wophika ndi dzuwa

Kalekale, kunyanja ya mchere, kunali kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, dzina lake Kamanga. Ntchito yake inali kumanga nyumba yamwala pansi pa madzi. Koma njala, mwanawe! Akamanga pang'ono, wagona. Akamanga pang'ono, wagona.

Tsiku lina kunabwera Ndere, wopanda kwawo, mafunde akungomukankha uku ndi uku.

"Odi kuno! Ndisungeniko, achimwene," anatero Ndere. "Ine ndimaphika ndi dzuwa."

"Lowani, chemwali. Malo ndi ochepa, koma tikwana."

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ndere anaphika, Kamanga anadya. Kamanga anadya, Kamanga anamanga. Ana ake anamanga pamwamba pake, adzukulu pamwamba pa ana, mpaka linga lalikulu linaima m'nyanja. Mafunde ankathera mphamvu pomwepo. Nsomba zinkaswera m'mapanga ake.

Nsomba zija zinkati, "Kamanga, kukongola kwakeku! Kufiira, kubiriwira!"

Iye n'kumangoti, "Ee, ndi mtundu wathu." Za mlendo uja, kukamwa tseke.

Ndiye kunadza chaka cha dzuwa loopsa. Madzi anatentha. Chakudya cha Ndere chinayamba kuwawa.

"Mukufuna kundipha kodi? Tulukani m'nyumba mwanga!" anakalipa Kamanga.

Ndere anatuluka.

Kutacha, Kamanga anadziyang'ana. Mayo ine! Wayera mbuu ngati fupa. Kufiira kuja, kubiriwira kuja, zonse zinali za Ndere. Njala inabwerera. Kumanga kunaima. Linga linayamba kugumuka, nsomba n'kumanga akatundu.

Kamanga anaona kuti imfa yafika pakhomo. Analira, "Chemwali! Chemwali! Ndinalakwa ine. Dzuwa ndilo linatilakwira, ine n'kulanga inu."

Ndere sanabwere.

Anaitana mawa lake, anaitananso mkuja. Madzi atazizira, mawu ake atatsala pang'ono kutha, anamva, "Odi kuno!"

"Mwabweradi? Nditakuchitani zotere?"

"Ndikanapita kuti? Nyumba yomwe ndimaidziwa ndi ino. Senderani uko, ndiphike."

Kamanga anadya, misozi ikutsika. Mtundu unabwerera, linga linakula, nsomba zinabweranso ndi ana awo.

"Kamanga, wakongolanso!" zinatero.

"Ayi, anzanga, ine ndine mmisiri chabe. Thokozani amene ali m'nyumbamu."

Wamva, mwanawe? Wokudyetsa usamadikire kuti achoke kaye kuti udziwe zomwe ankakuchitira. Muthokoze akadali pamoto.

Nthano yanga ndaitula, yathera pomwepa.