A Mvuu pa Chitsa cha Malemu

Bambo, udzu wamera kale pamtumbira panu, ndipo mawa mwana wanu Esinati akukwatiwa. Mukanadzuka mukanaona bwalo lanu. Ladzaza. Mabenchi tabwereka kutchalitchi, ena kusukulu, koma akuchepabe, ndipo anthu ayamba kale kukangana za amene akhale kutsogolo. Tsiku lomwe tinakunyamulani tinayala mphasa, zina zinabwerera m'nyumba osakhalidwa.

Ana akuti ndiwasimbire nthano monga munkachitira inu. Chabwino. Ana, senderani kuno kumoto. Akuluakulu, musachoke, malo alipo.

Kalekale padangokhala. Vomerani kuti tili tonse. Ee, lero ndiye tili tonse.

M'mbali mwa mtsinje wina munali nkhalamba, bambo wake wa Mfuko. Inali ndi dimba la mbatata ndi nzimbe, dimba lonona, loti ukaponya kholowa lero mawa wayanga. Pakhomo inali ndi chitsa cha mpingo, chosalala ndi kukhalidwa, pomwe inkapumira ikaweruka kudimba. Inalinso ndi bwenzi, a Mvuu.

A Mvuu ankabwera tsiku ndi tsiku. Di, di, di.

"Achimwene, ndangodutsa."

"Dutsirani pompano, khalani pansi."

Akadutsa choncho, mzere wa mbatata watha. Mawa lake, di, di, di. "Achimwene, ndangodutsa." Nzimbe zagona zonse.

Nkhalamba ija inadwala. A Mvuu anasiya kudutsa. Nkhalamba ija inamwalira. Azakhali a Mfuko, a Nkhanga, anathamangira kumtsinje kukanena zovuta. Musandifunse kuti nkhanga inakhala bwanji azakhali a mfuko, ubale wa kumudzi umayenda choncho.

"A Mvuu! A Mvuu! Achimwene anu aja atisiya!"

Pamadzi pankaoneka mphuno. Mphuno ija inamira pang'onopang'ono, kungotsala thovu, bwi, bwi, bwi.

Pamaliro anthu anachepa. Nungu ndi adzukulu anzake anakumba mpaka manja kutupa, ndipo Mfuko anachita kugwira nawo khasu, chinthu chomwe mwana wa malemu sayenera kuchita. Anakumba akulira, anakwirira akulira. Koma Mfuko, ngakhale ali ndi timaso tating'ono, anaona aliyense amene anabwera, ndi pomwe anakhala.

Mvula inagwa, inakata. Mlongo wake wa Mfuko, Namfuko, anapeza mwamuna, mnyamata waulemu dzina lake Gologolo. Uthenga wa maliro uja unafunika wothamanga nawo, koma wa ukwati unayenda wokha. Achibale anamera ngati bowa. Uyu akuti ndine msuweni, uyu akuti ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Onse akufuna mthunzi, onse akufuna pafupi ndi ophika.

Tsono kumeneko kunali mwambo. Tsiku la ukwati, bambo wa mkwatibwi amakhala pachitsa chake. Ngati bambo kulibe, wamkulu aliyense, wachibale kapena bwenzi la malemu, amene akhalepo mpaka phwando kutha ndiye wasanduka bambo wa pakhomo. Nyumba ndi yake, dimba ndi lake. Wokhala pachitsa sakankhidwa, sachotsedwa. Koma akadzukapo yekha phwando lisanathe, basi, sabwererapo.

Mfuko ankadziwa amene akuchiyang'ana chitsacho. Ankadziwanso kuti dimba likagwa m'kamwa mwa a Mvuu, iye ndi amayi ake adzadya mizu ya udzu. Kuwakankha sangathe. Kuwakaniza mwambo sulola. Analowa kuuna kwake, anaganiza, anaganiza, anatuluka dothi lili kumphuno.

Tsiku la ukwati anakwera pachulu polowera pabwalo, naomba m'manja.

"Zikomo akuluakulu, zikomo amayi. Malo ndagawa kale, ndipo palibe chovuta. Aliyense akhale pomwe anakhala pamaliro a bambo."

Ena anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"A Nungu ndi adzukulu, munali kutsogolo, lero kutsogolonso. Mumthunzi umo. Thobwa liyambira kwa inu."

Nyani analumpha. "Ine ndinabwera! Aliyense anandiona!"

"Anabweradi," anatero a Nkhanga. "Anafika tikutsuka mbale, nkufunsa ngati zatsalako."

"Mwamva a Nyani. Malo anu ndi potsukira mbale."

Kenaka kunatulukira Birimankhwe, mwendo m'mwamba, kuganiza, mwendo pansi.

"Mwana wanga, ine ndinanyamuka tsiku lomwe ndinamva uthenga. Ndafika lero. Pepa ndi zovuta."

Mfuko anatsika pachulu, nagwira dzanja la Birimankhwe ndi manja awiri. "Mwafika agogo. Ayalireni mphasa yatsopano."

Pamenepo nthaka inayamba kunjenjemera. Di, di, di. A Mvuu, atadzola mafuta thupi lonse, ng'aning'ani, akupatsa moni kumanja ndi kumanzere ngati ukwati ndi wawo.

"Mwana wanga Mfuko! Wakula bwanji! Ali kuti mwana wathu wamkazi?"

"Takulandirani a Mvuu. Kodi inu pamaliro munakhala pati?"

"Ine? Iwe mwana, misozi inakutseka m'maso, sunandione. Ndinalipo. Ndinakhala kumbuyo."

"Kumbuyo kwa chiyani?" anafunsa a Nkhanga. "Chilipo chinthu m'mudzi muno choti inu nkubisala kumbuyo kwake?"

"Mayi inu, pakamwa! Ndinaperekeza mpaka kumanda. Dothi ndinathira ndi dzanja ili. Ndinalira kuposa nonsenu. Ine ndi malemu tinkadyera mbale imodzi."

"Inu munkadya, iwo ankagwira mbale."

A Mvuu anachita ngati sanamve. Anapita molunjika pachitsa, natembenuka, phwatha! Chitsa chonse chinasowa.

Mfuko anagwada, naomba m'manja. "Zikomo bambo. Mwatikuta ife amasiye."

A Nkhanga anamukokera pambali. "Iwe, wapenga? Dimba lapita ilo!"

"Azakhali, musataye mawu, ndiwafuna posachedwa. Kandiitanireni mkwati."

Gologolo atabwera, Mfuko anakoka mphasa ya akwati, naiyala moyang'anizana ndi chitsa, pafupi penipeni.

"Alamu, ntchito yanu lero ndi imodzi. Khalani apa. Musasunthe."

Gologolo anakhala, manja pamawondo, maso ake aakulu aja ali tong'o.

Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka, chakudya chinayamba kutuluka. Mpunga m'malichero. Maungu. Mbatata zootcha, zong'ambika, utsi uli tolotolo. Nthochi zakupsa. Ndipo njira ya onyamula chakudya Mfuko anaidutsitsa pansi pa mphuno ya a Mvuu.

Lichero loyamba likudutsa, a Mvuu anatambasula dzanja.

"Kalanga ine!" anakuwa a Nkhanga. "Apongozi akufuna kudya pamaso pa mkamwini!"

Amayi onse anagwira pakamwa. "Aaa! Zamanyazi! Zinaonekapo kuti?"

Pajatu wokhala pachitsa ndi bambo wa mkwatibwi, ndipo bambo wa mkwatibwi ndi mpongozi, ndipo mpongozi satafuna mkamwini akuona. A Mvuu anaganizira za dimba, za mwambo uwu sanaganize. Anabweza dzanja.

"Ndimangoingitsa ntchentche."

Lichero lachiwiri linadutsa. Lachitatu linadutsa.

"Mfuko mwana wanga, mkamwiniyu sangatembenuke pang'ono?"

"Mkwati afulatire alendo, bambo? Akwawo atiyesa chiyani?"

"Nanga sangapite kukataya madzi?"

"Alamu, mukufuna kukataya madzi?"

"Iyayi alamu," anayankha Gologolo. "Ndili bwinobwino."

Dzuwa linafika pamutu. Chitsa chija chinali pamtetete, chifukwa malemu ankakonda kuothera dzuwa. Mafuta aja anayamba kusungunuka, kutsika m'makwinya. Mumthunzi Nungu ankadya mofotokoza.

"Mbatata iyi ndi ya kumunsi kwa dimba, mzere wa kumadzi. Ufa wokhawokha. A Mvuu mukuikumbukira?"

M'mimba mwa a Mvuu munalira, gululu, gululu, mpaka oimba ng'oma anasiya, nkumafunsana kuti winayo akuimbira kuti. A Mvuu anayasamula. Anayasamulanso. Ana anathawa.

Pomaliza anakodola Mfuko, nalankhula monong'ona, kunong'ona kwa mvuu komwe kumamveka kutsidya.

"Iwe, kodi pakhomo pano bambo sadya?"

"Amadya. Gawo la bambo tinapatula m'mawa wina aliyense asanalawe. Mbatata yoyamba kuphula, thobwa loyamba kutunga."

"Lili kuti?"

"Komwe kuli bambo. Tinakatula kumanda. Kumene kuja kulibe mkamwini, kulibe diso."

Mfuko sananame. M'mawa umenewo anapitadi yekha kumanda ndi kachipanda ka thobwa ndi mbatata imodzi, nauza bambo ake kuti mwana wawo akukwatiwa. Koma m'mutu mwa a Mvuu gawo la bambo linali mulu wofika m'chiuno.

"Tathamanga ukanditengere."

"Chopita kumanda sichibwerera kumudzi, bambo. Mukudziwa inu, ndinu akuluakulu."

A Mvuu anayang'ana kudimba. Anayang'ana pamimba. Dimba ndi la mawa, njala ndi ya lero. Anapirira ndithu, tisawanamizire. Koma kenaka kunadutsa lichero lomaliza, la maungu othira nsinjiro, likupita kwa Nyani kotsukira mbale. Kwa Nyani!

Nyamu!

Chitsa chinaonekanso.

A Mvuu analunjika njira ya kum'mawa, di, di, di. Ana anayamba kuseka.

"Uko nkudzala!"

Anatembenuka, nalowera kumadzulo.

"Uko nkudimba, a Mvuu," anatero Nungu. "Imeneyo ndiye mumaidziwa ngakhale mutatsinzina."

Anabwerera pakati pa bwalo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kakasi.

"Kodi paja... manda aja ali mbali iti?"

Ng'oma zinaleka. Otafuna analeka kutafuna. Ngakhale Birimankhwe anatembenuza maso onse awiri mbali imodzi.

"Si munathira dothi inu?" anatero a Nkhanga. "Ndi dzanja ilo?"

A Mvuu anati abwerere msanga pachitsa, koma anapeza Mfuko waikapo kale khasu la bambo ake, lakutha kumaso, mpini wake wakuda ndi thukuta.

"Pakhala eni ake," anatero Mfuko.

"Mwana wanga..."

"Mfuko, a Mvuu. Dzina langa ndi Mfuko."

"Nanga ine ndikhale pati?"

"Lamulo ndi lomwe lija. Pomwe munakhala pamaliro. Azakhali, munawapeza pati?"

A Nkhanga anangotambasula phiko, kuloza kumtsinje.

Anthu anapatuka, kusiya njira. A Mvuu anayenda, koma ulendo uno nthaka sinanjenjemere. Atafika pagombe, chubwi! Kunatsala mphuno. Ng'oma zinayambiranso, Namfuko anavina mpaka fumbi koboo, ndipo khasu linakhala pachitsa mpaka phwando kutha. Dimba linatsala kwa eni ake.

Ndi chifukwa chake mpaka lero mvuu imakhala m'madzi, kungotulutsa mphuno. Mukaiona ikuyasamula, ndi njala ya tsiku lija, sinathebe. Ndipo imadya anthu atagona, yokhayokha, kuopa kuti mwina mkamwini akuona.

Nthano yanga yagona pamenepa. Mbatata zili paphulusazo zapsa, ana phulani mugawane, wamng'ono ayambe. Ndipo mukadzakula, musanafunse kuti mpando wa kutsogolo uli pati, muzidzayamba mwafunsa njira ya kumanda.

Bambo, mawa malo ndigawa ine. Pampando wanu ndiikapo chipewa chanu. Amene anakumba akhala mumthunzi. A Lufeyo, inu munati njinga inaphwa tayala, koma lero yafika itanyamula anthu atatu. A Nasimango, munati mutu, tinakuonani kumsika mukusankha chitenje. A Gelesomu, munatumiza mawu oti mukubwera, mwina ndinu a Birimankhwe, tiona mawa. Ndipo inu malume Zakeyu, amene munadya pakhomo pano kuyambira ine ndisanabadwe, ndakuonani mukuyesa mpando wa bambo madzulo ano. Mtsinje mukuudziwa.