Mpweya Uti?

Panali munthu wina, dzina lake Disoni, amene anamuika kuyang'anira makina opanga magetsi ndi gasi. Makinawo ankakoka mpweya wa panja kudzera m'masefa, n'kuupanikiza, n'kuusakaniza ndi gasi wobwera m'mapaipi. Zikayaka, mphepo yamoto inkakankha mapiko achitsulo, mapikowo n'kuzunguza jenereta, tauni yonse n'kuwala.

A Mbendera, amene anakalambira pa makinawo, tsiku limene ankapuma pa ntchito anamuuza kuti, "Mwanawe, mphamvu ikayamba kuchepa, dziwa kuti asowa mpweya."

Disoni anangogwedeza mutu. Pamalopo gasi ankamutchulanso kuti mpweya, ndiye iye anati ndi womwewo. Munthu wa mapepala a sukulu angafunsenso nkhalamba?

Mwezi wa Okutobala, fumbi lili koboo, mphamvu inachepadi. Disoni anawonjezera gasi. Makina anatentha kwambiri n'kudzizimitsa okha. M'tauni zigayo zinaima, mipopi inauma. Disoni anayatsanso makinawo, n'kuwonjezeranso gasi, ndipo anazimanso. Bwana wake anamuuza mwachidule kuti, "Akazimanso, mudzatsanzike."

Mantha anamugwira, pakuti kunyumba anali ndi ana anayi. Anameza manyazi n'kupita kwa a Mbendera. Anawapeza pakhonde akukupiza mbaula.

"Bambo, ndachita zomwe munanena. Mpweya ndawonjezera kawiri konse."

"Mpweya uti?" anafunsa a Mbendera, osaleka kukupiza. "Taona, mbaulayi yadzaza makala koma sikuyaka. Ndiwonjezere makala ena?"

Disoni anayang'ana makala akufiira pansi pa chokupizira. Anabwerera ku ntchito n'kukwera kumene kunali masefa. Anali asanapondeko chiyambire, poti ankati imeneyo ndi ntchito ya osesa. Anapeza masefa atatsekeka ndi fumbi. Anavula tayi, n'kusintha masefawo pamodzi ndi osesa aja, omwe kale sankawapatsa n'komwe moni. Makina atapuma bwino, mphamvu inabwerera, ndipo gasi sanawonjezere n'pang'ono pomwe.

Inu amene mukumva, paja safunsa anadya phula. Panyumba pakazizira timathamangira kuwonjezera zogula: chitenje china, foni ina, ndiwo zankhuli. Koma nthawi zambiri chatsekeka ndi chaulere chija, kukhala pansi n'kumumvetsera mnzako. Musanathire makala ena, yambani mwafunsa kuti, mpweya uti?