Mvuu ndi Mipando Yopanda Eni

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, nyama zinali ndi mzinda wawo m'mbali mwa dambo. Mzindawo unali ndi khonsolo ya mipando isanu ndi iwiri yosema. Lamulo lake linali lakuti nkhani siidulidwa pokhapokha mipando inayi ivomere.

Chaka china kunagwa chilala. Njati anasamuka. Mbawala anasamuka. Nungu anati akukaona apongozi, osabwerako. M'khonsolo munatsala Mvuu, Ng'ona, Kakowa ndi buluzi wamutu wobiriwira, dzina lake Gulo.

Dziwe la madzi linatsala limodzi, ndipo Mvuu analifuna lonse.

"Dziwe likhale langa ndi Ng'ona," anatero. "Ovomera ndani?"

Ng'ona anavomera. Kakowa, amene anamulonjeza nsomba, anavomera. Gulo anakana.

"Mwakwana atatu," anatero Gulo. "Nanga enafe tizikamwa kuti?"

Mvuu anayang'ana mipando itatu yopanda eni ija. Anaikankhira pamodzi, n'kuigonera chopingasa, khuu!

"Wokhala pampando ndiye mwini mawu. Mipando yonseyi yavomera!"

Gulo anapendeka mutu. "Pepani achikulire, ndingofuna kudziwa. Aliyense wokhala pampando ali ndi mawu?"

"Aliyense!"

"Ngakhale wamng'ono?"

"Ngakhale wonyozeka ngati iwe!"

"Nanga awiri akapezeka pampando umodzi?"

"Woyamba kufika ndiye mwini," anatero Mvuu, uku akuseka, huhuhu! Ng'ona ndi Kakowa anati n'zoona.

Gulo anatsika, n'kukagogoda pamwendo wa mpando wa Njati. Go! Go! Go!

"Odi kuno!"

Mkati munamveka timawu: "Odini!"

Anagogoda wa Mbawala. "Odini!" Anagogoda wa Nungu. "Odini!"

Chiswe chinatuluka m'timabowo, nyomi! Wamkulu wachiswe anaima patali ndithu, poti ankadziwa kadyedwe ka Gulo.

"A Gulo, tigwirizane kaye. Musatidye mpaka msonkhano uthe."

"Lero ndasala," anatero Gulo. "Tauzani khonsolo, mipandoyi munalowamo liti?"

"Tsiku lomwe eni ake anachoka."

"Nanga dziwe likhale la yani?"

"La tonse! Ifenso timafuna madzi oumbira chulu."

Mipando itatu, kuphatikiza wa Gulo, inayi! Kakowa anatsokomola, n'kunena kuti iyenso maganizo ake anali omwewo kuyambira kale.

Mvuu anafufuma ndi ukali. Anati adzuke, mipando inali mphako zokhazokha. Phwa! Chagada, miyendo m'mwamba, fumbi kobo! Nyama zimene zinkasuzumira pazenera zinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako zinathamangira kudziwe kukamwa.

Msonkhano utatha, Gulo anacheuka kuti athokoze anzake aja. Anapeza zii, onse atalowa kale pansi. Anameza malovu, napita kukamwa madzi.

Nthano yanga yathera pamenepa, kaphuleni mbatata isanapserere. Koma mukaona mpando uli wokha, musathamangire kukhalapo. Yambani mwaodira.